Chitsulo cha a Russia chidagwa, koma olosera sadaname

Sabata yoyamba ya mwezi wa Meyi chaka cha 2025 ndidaima pa sitolo ina yogulitsa mbewu ndi feteleza, ndipo nkhani yomwe idali m'kamwa mwa anthu pakhondepo sidali ya mitengo ya chimanga ayi. Wailesi idali italengeza kuti chitsulo china cha dziko la Russia, chomwe chidakhala chikuzungulira dziko lapansi kwa zaka 53, chili pafupi kugwa, ndiponso kuti akatswiri sakutchula tsiku lenileni ngakhale malo amene chikagwere. Mkulu wina wachipewa, atatsamira njinga yake, adaseka chikhakhali nati: "Anthu ophunzirawa! Adatha kuchiponya kumwamba koma akukanika kudziwa pomwe chigwere? Ndi amodzimodzi ndi a zanyengo aja, amene amati mvula ibwera kapena siibwera." Khonde lonse lidafa nacho chiseko. Ine ndidasekako pang'ono, poti si ulemu kutsutsa akulu pagulu, koma mumtima ndidakana.

Lero ndikufuna ndiwayankhe bambo aja, pamodzi ndi inu alimi anzanga amene mudaganiza monga iwo. Olosera aja adagwira ntchito yawo bwino. Munthu akamati chinthu chidzachitika pakati pa tsiku lakuti ndi lakuti, osatchula ola, nthawi zina kumeneko ndiye kunena zoona. Oyenera kudzudzulidwa pa nkhaniyi alipo, koma ndi ena.

Tiyambe ndi chitsulocho. Dzina lake chidali Kosmos 482. Dziko la Soviet Union, lomwe lidagawikana m'chaka cha 1991 ndipo gawo lake lalikulu ndi Russia, lidachiulutsa pa 31 Malichi 1972 kuchokera ku Baikonur m'dziko la Kazakhstan. Ulendo wake udali wopita ku Venus, ija ife timaiona ikuwala m'bandakucha n'kumaitcha nthanda. Masiku anayi m'mbuyo mwake adali ataulutsa chinzake chofanana nacho, Venera 8, ndipo chimenecho chidakafika bwinobwino n'kutera pa Venus mu Julayi chaka chomwecho. Koma injini yomwe imayenera kukankha Kosmos 482 kuti ichoke kufupi ndi dziko lathu idazima nthawi isanakwane. Chombo chidalephera ulendo, n'kuyamba kungozungulira dziko ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Ngakhale dzina lakuti Kosmos lidali lobisira manyazi, pakuti a Soviet Union ankapereka dzina limeneli kwa zombo zolephera kuti anthu asadziwe komwe zimayenera kupita.

Zigawo zina za chombocho zidagwa msanga, ndipo thunthu lake lalikulu lidagwa m'chaka cha 1981. Chomwe chidatsala ndi kambiya kozungulira, kotalika pafupifupi mita imodzi, kolemera makilogalamu 495, kunena kwake pafupifupi matumba khumi a chimanga. Kambiyaka ndi kamene kamayenera kutera pa Venus, komwe kumatentha kupitirira madigiri 450 ndipo mpweya wake umapsinja pafupifupi ka 90 kuposa wa kuno. Adakapanga kolimba zedi, ndi chikopa cha chitsulo chotchedwa titanium. Zinthu zambiri zogwa kuchokera kumwambako zimapsa n'kuthera m'malere ngati nyenyezi yothothoka. Koma ichi adachipangira moto woposa umenewo, choncho akatswiri adachenjeza kuti chitha kufika pansi chathunthu. Katswiri wina wa ku Netherlands, Marco Langbroek, adawerengera kuti chikadafika pansi chikuthamanga makilomita pafupifupi 240 pa ola. Matumba khumi a chimanga pa liwiro limenelo, atagwera pa nkhokwe kapena pa khola, simungatolepo kanthu.

Nanga chidavuta n'chiyani kuti atchule tsiku?

Chinthu chozungulira dziko sichikhala m'mwamba chifukwa chakuti chapachikidwa penapake. Chimakhala chikugwa nthawi zonse, koma poti chikuthamanga chammbali kwambiri, dziko limapindika pansi pake chisanaligunde. Malinga liwiro lisachepe, chimangozungulira. Chomwe chimachepetsa liwirolo ndi mpweya. Ambiri timaganiza kuti kumwambako kulibiretu mpweya, koma pa mtunda wa makilomita 200 ulipo ndithu, wochepetsetsa, wosati n'kupuma, koma ulipo. Njira ya Kosmos 482 idali yonga dzira: mbali ina chinkakwera kutali makilomita pafupifupi 9,800, mbali ina chinkatsika kufika makilomita 200 ndi pang'ono. Nthawi iliyonse chikadutsa mbali yotsikayo, mpweya unkachibera liwiro pang'ono, monga momwe mchenga wa pa dambo umabera liwiro la njinga. Chikatero sichinkakweranso kufika pomwe chidafika ulendo wapitawo. Pang'onopang'ono, kwa zaka 53, dzira lija lidafota mpaka njira yonse idali m'munsi, momwe mpweya umachigwira ponseponse.

Mpaka apa masamu ake ndi osavuta kwa odziwa. Vuto ndi lakuti mpweya wa kumwambako sukhazikika. Umafufuma ndi kuphwa malinga ndi ukali wa dzuwa. Dzuwa lili ndi nyengo zake, zomwe zimabwereza pakatha zaka pafupifupi 11, ndipo likafika pa nyengo yaukali limatulutsa mphamvu zomwe zimatenthetsa mpweya wa pamwamba. Mpweyawo umafufuma ngati mkate, n'kufika pomwe sunkafika, ndipo zombo zonse za m'munsi zimayamba kukwekwereza. Mu Okutobala 2024 mabungwe a ku America a NASA ndi NOAA adalengeza kuti dzuwa lafika pa nyengo yake yaukali. Tsono Kosmos 482 idafika pomaliza pa nthawi yomwe dzuwa linkatha kusintha zochita lero ndi mawa. Kuti munene tsiku logwa, muyenera kuyamba mwalosera zomwe dzuwa lichite sabata yamawa.

Musaganize kuti zimenezi zimapusitsa anthu osauka okha. Mu Febuluwale 2022 kampani ya SpaceX, yomwe ili ndi ndalama ndi akatswiri osasowa, idaulutsa masetilaiti 49 a Starlink. Tsiku lotsatira mkuntho wochokera ku dzuwa udafufumitsa mpweya, ndipo 38 mwa iwo adagwa n'kupsa. Kalekale, a NASA ankayembekeza kuti chinyumba chawo cha m'mlengalenga chotchedwa Skylab chikhala m'mwamba mpaka m'zaka za m'ma 1980, koma dzuwa lidakalipa kuposa momwe adawerengera ndipo chidagwa pa 11 Julayi 1979.

Palinso nkhani ya kakhalidwe ka chinthucho. Amayi akamapeta, mphale imabwerera m'lichero pomwe mankhusu amauluka, chifukwa mphepo imagwira chinthu malinga ndi kulemera kwake ndi kukula kwa mbali yomwe yayang'ana mphepoyo. Chombo chakufa chilibe wochiwongolera. Chimatha kugubuduzika, lero kuonetsa mbali yaikulu, mawa yaing'ono. Apa Kosmos 482 idawachitirako chifundo olosera, poti idali yozungulira ngati mpira, koma zombo zambiri zili ndi mapiko ndi timichira tomwe timasokoneza masamu.

Chifukwa cha zonsezi, olosera amadziwiratu kuti kawerengedwe kawo kamatha kuphonya ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yotsala. Kukatsala masiku khumi, amatha kuphonya ndi masiku awiri, kutsogolo kapena kumbuyo. Kukatsala tsiku limodzi, amaphonya ndi maola pafupifupi asanu. Wina anena kuti maola asanu si kanthu. Komatu chinthuchi chimathamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Mtunda wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, womwe basi imathera theka la tsiku, icho chimaudutsa m'masekondi 40. Kuchoka ku Nsanje kukafika ku Chitipa mphindi ziwiri sizikwana. Dziko lonse chimalizungulira pa ola limodzi ndi theka, ndipo pomwe chikubwereranso dziko limakhala litatembenuka pansi pake, kotero kuti chimadutsa makilomita oposa 2,000 kumadzulo kwa pomwe chidadutsa poyamba. Wolosera akaphonya ndi mphindi imodzi yokha, waphonya ndi makilomita oposa 400. Akaphonya ndi theka la ola, ndiye kuti wanena Africa pomwe chinthu chagwera kutsidya kwa nyanja.

Ndi chifukwa chake ankangonena kuti chitha kugwa paliponse pakati pa madigiri 52 kumpoto ndi madigiri 52 kummwera, kuyambira cha ku London mpaka kufupi ndi nsonga ya South America. Africa yense ali m'kati mwa lamba ameneyu, Malawi yemwe. Sadatchule malo chifukwa njira ya chombocho inkadutsa pamwamba pa malo onsewa, ndipo akadatchula dziko limodzi akadanama.

Aliyense woweta ng'ombe amachidziwa chinthu chimenechi, ngakhale sachitchula ndi masamu. Ng'ombe ikatenga bere mumadziwa kuti ibereka pakatha miyezi isanu ndi inayi ndi masiku pang'ono, ndipo mumatha kutchula mwezi. Bere likayamba kutsika ndi mawere kudzaza mumatchula sabata. Ikayamba kusakhazikika, kugona n'kudzuka, kudzipatula kwa zinzake, mumati ndi usiku uno kapena mawa. Koma munthu atabwera tsiku lomwe ng'ombe yakweredwa n'kukuuzani kuti idzabereka Lachitatu lakuti nthawi ya 3 koloko m'bandakucha, mungamuyese wodziwa ng'ombe? Mungamuyese wa kachasu. Wodziwa ndi amene malire ake amanka nachepa pomwe tsiku likuyandikira.

Ndi momwe zidayendera. Zaka zingapo m'mbuyomo Langbroek adali atalemba kale kuti chitsulochi chidzagwa chapakati pa zaka za m'ma 2020. Kumapeto kwa Epulo 2025 adatchula masiku oyandikira 10 Meyi, kuchotsa kapena kuwonjezera masiku angapo. Sabata yomaliza masiku aja adasanduka maola. Loweruka pa 10 Meyi, bungwe la mayiko a ku Ulaya loona za m'mlengalenga, ESA, lidanena kuti makina a radar adachiona chikudutsa pamwamba pa Germany cha m'ma 6:30 m'mawa pa nthawi yathu ino, adachionanso nthawi ya 8:04, koma pomwe chimayenera kudutsanso nthawi ya 9:32 sichidaoneke. Bungwe la Russia, Roscosmos, lidalengeza kuti chidagwa nthawi ya 8:24 pa nthawi yathu, m'nyanja ya Indian Ocean kumadzulo kwa Jakarta. Mabungwe ena adatchula mphindi zosiyanako, ndipo mwamva kale kuti mphindi zochepa ndi mtunda wautali. Palibe adabwera ndi chidutswa chake, ndipo palibe adavulala. Koma tsiku lomwe lidatchulidwa kukadali sabata ziwiri ndi lomwelo chidagwa.

Bambo anjinga aja adaphatikizapo a zanyengo, ndiye ndinenepo pang'ono. A zanyengo akamati chaka chino mvula ikuyembekezeka kukhala yocheperako m'madera akuti, sakunena kuti pa munda panu sipagwa dontho. Akunena mbali yomwe sikelo yapendekera. Mlimi wanzeru samaseka, amagawa munda: uku mbewu yocha msanga, uku chinangwa kapena mbatata. Amene ndimamuopa ine ndi uja amafalitsa uthenga pa foni wakuti mvula iyamba pa 14 Novembala ndendende, kapena kuti chitsulo chigwera pa boma lakuti nthawi ya nkhomaliro. Wotereyo sadziwa kanthu, ndipo sadziwanso kuti sadziwa.

Tsono dandaulo langa lili kwa eni zitsulozi.

Amatiuza kuti tisade nkhawa, poti magawo asanu ndi awiri mwa khumi a dziko lapansi ndi madzi, ndipo mwayi wakuti chitsulo chigunde munthu ndi wochepetsetsa. N'zoona. Mayi wina ku Oklahoma, ku America, adakhudzidwa paphewa ndi kachidutswa ka roketi m'chaka cha 1997 ndipo sadavulale, ndipo nkhani yake imakambidwabe chifukwa chosowa inzake. Koma chitsulo chikaphonya nyanja sichikonda kugwera pa bwalo la ofesi ya amene adachiulutsa. Mizinda ndi kadontho chabe pa dziko. Mtunda wambiri ndi minda, madambo a ziweto ndi tchire, ndiye kuti wolandira mlendo wotereyu kawirikawiri amakhala mlimi.

Kosmos 482 yomweyi idayamba ndi alimi. Pa 3 Epulo 1972, patangopita masiku atatu chiulutsireni, mipira ya titanium yotentha psuu, uliwonse wolemera makilogalamu oposa 13, idagwera m'minda kufupi ndi tauni ya Ashburton ku New Zealand. Idawaula mbewu n'kukumba maenje. A Soviet Union adakana kuti si yawo, ndipo mipirayo idatsala ndi eni minda. Skylab ija, yolemera matani oposa 70, idamwaza zidutswa kumadzulo kwa Australia, dera la oweta nkhosa, ndipo khonsolo ya Esperance idalipiritsa NASA madola 400 pa mlandu wotaya zinyalala. Zidali zanthabwala, komabe ndalamazo zidaperekedwa patatha zaka 30, m'chaka cha 2009, ndipo adasonkha ndi omvera wailesi ina ku California, osati eni chinyumba.

Zina sizidali zoseketsa. Pa 24 Januwale 1978 chombo china cha Soviet Union, Kosmos 954, chidagwa kumpoto kwa Canada chili ndi ng'anjo ya nyukiliya m'mimba mwake, n'kumwaza zidutswa zapoizoni pa mtunda wa makilomita mazanamazana. Canada idasesa kwa miyezi, idatumiza bilu yoposa madola 6 miliyoni a dzikolo, ndipo idalandira 3 miliyoni. Imeneyo ndi Canada, dziko lokhala ndi ndege zofufuzira ndi maloya ake.

Kuno kwathu ku Africa nako zafika. Mu Meyi 2020 zidutswa za roketi ya dziko la China zidagwera m'midzi ya ku Côte d'Ivoire. Pa 30 Disembala 2024 anthu a m'mudzi wa Mukuku, m'dera la Makueni ku Kenya, adamva chiphokoso ndipo adakapeza chimkombero chachitsulo chotambalala mamita awiri ndi theka, cholemera pafupifupi makilogalamu 500, chikadali chotentha. Bungwe la Kenya Space Agency lidati ndi chigawo cha roketi. Anthu a ku Mukuku palibe adawachenjeza. Kosmos 482 idatchuka chifukwa idali ndi mbiri yokoma kuifotokoza, koma zidutswa zopanda mbiri zimagwa sabata ndi sabata popanda wailesi kunenapo kanthu, ndipo zikunka zichuluka poti masetilaiti omwe ali m'mwamba tsopano ali zikwizikwi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chomwe chimandipweteka ndi chakuti njira yopewera zonsezi ilipo. Chombo chomwe chasungiridwa mafuta omaliza chimatha kuwongoleredwa kuti chikagwere pakati pa nyanja kopanda anthu, ndipo pamenepo sipafunikanso kulosera, chifukwa mwini amasankha yekha tsiku ndi malo. A Russia omwewo adachita zimenezi pa 23 Malichi 2001 pomwe adagwetsera chinyumba chawo cha Mir kummwera kwa nyanja ya Pacific. M'chaka cha 2024 a NASA adapereka ntchito kwa SpaceX yopanga chombo chodzagwetsera International Space Station m'nyanja nthawi yake ikadzatha. Kosmos 482 tingaikhululukire, idali ngozi ya 1972. Koma amene akuulutsa roketi lero n'kusiya chitsulo cha matani angapo kuti chidzagwe pomwe chafuna, chifukwa mafuta owongolera ndi okwera mtengo, akuchita ngati mnansi amene amamasula ng'ombe zake usiku ponena kuti minda ndi yambiri, mwina sizikalowa mwa inu. Phindu la setilaiti amadya yekha, chiopsezo amagawira dziko lonse. Inde, nafenso timapindula nawo masetilaiti, poti zithunzi za mitambo zomwe a zanyengo amagwiritsa ntchito zimachokera komweko. Koma kupindula ndi msewu si chifukwa chololera kuti malole azitaya katundu m'munda mwanu.

Malamulo alipo. Pangano la mayiko la 1967 limati chinthu choulutsidwa kumwamba chimakhalabe cha mwini wake ngakhale chitagwera kwina. Pangano la 1972, chaka chomwecho cha Kosmos 482, limati dziko loulutsa liyenera kulipira chilichonse chomwe chinthu chake chaononga pansi pano, popanda kufunsa ngati lidalakwitsa kapena ayi. Koma pansi pa panganoli wopereka dandaulo ndi boma, osati mlimi payekha. Ndiye kuti ngati boma silidamve, kapena lidamva popanda umboni, nkhani yathera pomwepo. Apa ndi pomwe ndikuona kuti maboma a mayiko athu akuyenera kudzuka: alangizi a zaulimi, apolisi ndi mafumu adziwe chochita, ndipo machenjezo omwe mabungwe akunja amafalitsa ulere azifika pa wailesi m'chinenero chomwe anthu amamva, pamodzi ndi malire ake a nthawi, osawadula kuti nkhani ikome.

Kwa inu alimi anzanga, tsiku lina mukadzamva chiphokoso ngati bingu kopanda mitambo, n'kupeza chitsulo chachilendo m'munda, musachikhudze. Chitha kukhala chotentha, ndipo matanki ena amatsalira mafuta a roketi omwe ndi poizoni woopsa ngakhale pongoupuma. Thamangitsani ana ndi ziweto, ndipo muime mbali yomwe mphepo ikuchokera. Ndikudziwa kuti ogula zitsulo zakutha adzafika msanga kuposa apolisi, ndipo wosula ndowa adzachiyang'ana ndi diso lanjala, koma mukachigulitsa mwagulitsa umboni wanu womwe. Kauzeni a mfumu, apolisi ndi alangizi. Ngati pali wa foni yojambula, ajambule chitsulocho ali patali, makamaka ngati pali manambala kapena zilembo, ajambulenso dzenje ndi mbewu zoonongeka. Lembani tsiku, ola, mbali yomwe chidachokera ndi kuchuluka kwa mizere yomwe yapsa, ndipo mboni ziwiri zisayine papepalapo.